Tcheni cha pikapu ya Mayi Nangozo

Ntchito yanga yoyamba ya pagalaja ndinaipeza chifukwa cha njinga yamoto. Nthawi imeneyo ndinkakonza njinga za akabaza pansi pa mtengo wa mango pa Mtakataka, ndili ndi kabokosi kamodzi ka masipanala. Tsiku lina a Chikaonda, eni galaja ina pa Golomoti, anafika akukankha njinga yawo itawazimira panjira. Nthawi yonse imene ndinkatsuka kabuleta iwo anaima pambali, maso ali pa manja anga. Nditamaliza anati, "Lolemba ubwere ku galaja. Koma udziwiretu, amene analipo ndinamuchotsa chifukwa chosinthitsa zipangizo za makasitomala. Ine ndimaona."

Ankaonadi. Chitsulo chilichonse chimene ndachotsa pagalimoto ankafuna achigwire okha. Ndikamaweruka, maso awo ankayamba afika pa matumba a ovolosi yanga asanandiyankhe kuti pita bwino. Zinkandiwawa, koma ntchito ndinkaifuna.

M'mwezi wanga wachiwiri kunabwera pikapu yakale yoyera ya Mayi Nangozo, mayi wamasiye amene ankakhala pa Golomoti pomwepo n'kumagula mpunga kwa alimi a ku Bwanje. Dalaivala wawo anali a Saidi, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, wa chipewa choyera. A Saidiwo anati galimoto ikalowa m'matope ili mu fo wilo, pansi pamamveka kha-kha-kha ngati chinachake chikudumpha.

Kwa amene sadziwa, galimoto yotere ili ndi bokosi lina kumbuyo kwa giyabokosi, limene ife timati tilansifa. Masiku onse galimoto imakankhidwa ndi mawilo akumbuyo okha. Ukakoka kagiya kakang'ono kamene kali pambali pa giya yaikulu, tcheni cha m'bokosimo chimapereka mphamvu ku mawilo akutsogolo, onse anayi n'kumakoka limodzi; imeneyo ndiyo fo wilo. M'njira za m'minda ya mpunga, popanda zimenezi sutulukamo.

Ndinakhetsa oyilo ndipo pa pulagi yotsekera bowo lokhetsera panali tizidutswa ta chitsulo tonyezimira. Ndinamasula mashafiti onse awiri opititsa mphamvu ku mawilo, wakutsogolo ndi wakumbuyo, n'kutsitsa bokosilo pa jeke. Titatsegula tinapeza tcheni chitatamuka moti chinkalumpha mano. A Chikaonda anaitanitsa chatsopano ku Lilongwe. Tsiku limene chinafika anandipatsa m'manja, iwo n'kupita ku maliro ku Mua. Ndinachilowetsa ndekha, ndinaika masilo atsopano oletsa oyilo kudontha, ndinatseka, n'kuthira oyilo mpaka atayamba kutuluka pa bowo lothirira. Panalibe munthu amene anaona.

Patangotha miyezi itatu, Lolemba lina m'mawa, pikapu ija inalowanso pagalaja ikuyenda ngati yamangidwa miyendo. Mayi Nangozo anatsika galimoto isanaime bwinobwino.

"A Chikaonda, ine si mwana," anatero. "Mwina tcheni chatsopano chija sichinalowemo m'galimoto muno, mwina dalaivala wangayu akumachita nayo maganyu ine osadziwa. Mmodzi wa inu andiuza zoona lero."

A Chikaonda anangotembenuka n'kundiyang'ana. Pa Golomoti ndi pamalo pang'ono; mbiri yakuti makaniko uja amaba zipangizo ikangotuluka, ngakhale wa kabaza sangakupatsenso njinga yake.

Ine ndinkaganizira a Saidi. Anaima kumbuyo kwa galimoto, maso pansi, akuseweretsa makiyi. Ndinati mumtima, munthu wosalakwa saima choncho.

Ndinalowa m'galimoto kuyesa kagiya kaja. Kanali mu fo wilo, ndipo kanakaniratu kutuluka.

"Mwaipeza bwanji, a Saidi?" ndinawafunsa.

"Ndaipeza choncho m'mawa uno," anatero, osaonjezera.

Ndinaika miyala ku mawilo akumbuyo, ndinalowetsa jeke kutsogolo, n'kuyamba kukweza. Tayala litangosiya nthaka linazungulira lokha ndi mphamvu, phu, ngati munthu walimenya theche. Nditayesanso kagiya kaja, kanatuluka ndi chala chimodzi. Ndinapapasa matayala akutsogolo. Analibe matope ngakhale pang'ono, ndipo m'mphepete mwake munali modyeka ngati wina wapalapo ndi tupa.

"Bwana," ndinatero, "galimotoyi yakhala ikuyenda pa phula ili mu fo wilo. Pokhota, mawilo akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo. M'matope tayala limaterereka, zonse n'kumasuka. Pa phula siliterereka, ndiye zitsulo zimapotana, ndipo chimene chimavutika ndi tcheni."

"Zimenezo ndikuzidziwa," anatero a Chikaonda. "Tsegula kaye tione."

Ndinagona pansi pa galimoto pa katoni, dzuwa litayamba kale kuotcha malata. Mabawuti a shafiti yakutsogolo anali atauma, ndipo sipanala inaterereka n'kundisupula chala. Sindinaime. Anthu ena amene ankadikira minibasi anasendera kudzaonerera. Nditatsitsa bokosi ndinaliika pa benchi n'kulitsegula onse akuona. Tcheni chinali chitatamukanso.

Mayi Nangozo anaomba m'manja kamodzi. "Mwaona? Chimenechi ndi cha miyezi itatu?"

A Chikaonda anachinyamula, anachiviika mu palafini, n'kuyamba kuchiyendetsa m'zala pang'onopang'ono, mfundo ndi mfundo. Sindinkadziwa chimene ankafuna. Kenaka anaima, n'kuwaonetsa mayiwo timizere tiwiri tating'ono tochekedwa m'mbali mwa mfundo imodzi.

"Chizindikiro changa ichi. Ndinachicheka ndisanamupatse mnyamatayu. Tcheni n'chomwecho."

Ndiye kuti anali atanditchera msampha tsiku lomwe lija. Koma nthawi imeneyo sindinakwiye, ndinangomva kupepukidwa. Ndipo m'kupepukidwa komweko ndi m'mene ndinalakwira. Ndinatembenukira kwa a Saidi, pamaso pa anthu onse aja, n'kunena mokweza kuti, "Ndiye tiuzeni, madala, mumapita nayo kuti? Matayala akunena okha."

Mayi Nangozo anatambasula dzanja. "Bweretsani makiyi anga."

A Saidi anawapereka ndi manja awiri. "Wallahi, pamaso pa Mulungu, mayi, zaka zonsezi sindinanyamulepo katundu wa munthu wina m'galimoto yanu."

"Nanga pa phula amayendapo ndani?"

A Saidi anangoyang'ana pansi. Kwa ine kumeneko kunali kuvomera. Pofuna kuonetsa kuti ntchito ndikuidziwa, ndinapitiriza kulankhula. Ndinati kudyeka kotere sikwa msewu woongoka wopita ku Salima, koma kwa makona akuthwa obwerezabwereza, ngati a pa Khwekhwelere pokwera kupita ku Dedza.

Mayi Nangozo anandiyang'ana. "Pa Khwekhwelere? Kodi paphiri ngati paja sipofunika fo wilo?"

"Ayi, mayi. Paja m'pa phula."

Mayi Nangozo anakhala pa benchi pafupi ndi bokosi lija, osasamala za oyilo. Kenaka anafotokoza ndi mawu otsika. Mayi awo ku Dedza anali atayamba kudwala chaka chomwecho, ndiye Lamlungu lililonse, a Saidi akapuma, iwo ankayendetsa okha kukawaona. Akafika m'munsi mwa phiri ankakoka kagiya kaja, chifukwa ndi mmene ankaonera malemu amuna awo akuchitira kale, msewuwo uli wa dothi. Ankakwera choncho, n'kutsikanso choncho. Dzulo lake atafika kunyumba kagiyako kanakana kubwerera, iwo n'kuganiza kuti ndi ntchito yathu yoipa ija.

"A Saidi, inu mumadziwa?" anafunsa.

"Ndinakuuzanipo kamodzi, mayi. Munati bambo ankatero. Ine ndikanatsutsana bwanji ndi malemu? Ndipo lero, pagulu pano, sindikanatha."

Panalibe amene anaseka. Oonerera aja anayamba kubalalika okha. Mayi Nangozo anaimirira, anapita pamene panali a Saidi, n'kuwabwezera makiyi atagwira mkono wawo ndi dzanja linalo. "Mundikhululukire, bambo," anatero.

Ine ndinalibe poyang'ana. Ndinayamba kutsuka zitsulo zimene zinali zoyera kale. A Chikaonda anadutsa kumbuyo kwanga n'kungoti, "Ukadye. Chalacho umange." Kupepesa kwawo kunathera pomwepo.

Tcheni china chitafika, tinasinthanso magiya awiri amene chimayendapo, chifukwa mano ake anali atasongoka. Tsiku lodzatenga galimoto ndinakwera ndi Mayi Nangozo mpaka kumsewu wa dothi wolowera ku minda, kuwaonetsa poyenera kukoka kagiya kaja ndi poyenera kukabweza, komanso kuti kakakana abwerere m'mbuyo pang'ono mawilo ataongoka. Anamvetsera ngati mwana wa sukulu, ndipo anandifunsa mafunso abwino.

Titabwerako ndinapeza a Saidi atakhala pa tayala lakutha pamthunzi. Ndinagwada pambali pawo n'kupepesa.

"Matayala unawawerenga bwino, mwana wanga," anatero. "Anakuuza kuti galimoto inayenda pa phula. Koma anakuuza kuti anayendetsa ndine?"

Tsiku lija, mphindi zochepa chabe nditachoka pa mpando wa woganiziridwa, ndinali nditakhazikapo munthu wina, wamkulu ngati bambo anga, popanda kumufunsa funso limodzi loona.

Lero ndili ndi galaja yangayanga, ndipo ma tilansifa ndatsegula ambiri. Galimoto ikalowa, ndisanagwire sipanala ndimamutengera mwini wake pambali, kopanda anthu, n'kumufunsa kuti amaiyendetsa ndi anthu angati, masiku ati, ndiponso misewu iti. Chitsulo chimandiuza chimene chinachitika, ndipo pamenepo ndimalankhula mosaopa. Koma za amene anachita, ndimatseka pakamwa mpaka munthu anene yekha.