Madzi a Apongozi Pakhomo

Dobrin ankayendetsa basi m'tauni ya Troyan, koma moyo wake wonse unali m'miyendo. Kwa zaka khumi ndi zisanu ankathamanga mipikisano ya makilomita handiredi m'mapiri. Malamulo ake anali achidule: nsapato zatsopano savala tsiku la mpikisano, chitunda chachikulu amakwera choyenda, ndipo madzi amamwa ludzu lisanafike.

Apongozi ake, a Velichka, omwe ankakhala nawo nyumba imodzi, zinkawanyansa.

"Munthu wamkulu ndi ndevu zake, kumathamanga ngati waba nkhuku! Denga likudontha, inu muli kuphiri."

"Amayi, dengalo ndi lanu, miyendoyi ndi yanga," ankayankha Dobrin.

M'mawa wa mpikisano womwe anaukonzekera chaka chathunthu kunazizira koopsa. A Velichka, amene sanamufunirepo zabwino n'kamodzi komwe, analawirira kukathira madzi pa masitepe a pakhomo, monga timachitira kwathu kuno munthu akamanyamuka, kuti ulendo wake uyende ngati madzi. Koma madziwo amathira munthu akutuluka. Iwo anathira mkamwini akadamwa khofi, ndipo pomwe Dobrin ankatsegula chitseko, madziwo anali ataundana kale kuti gwa, pakhomo ponse pali poterera.

Anaponda kamodzi kokha n'kugwa chagada. Fupa la mwendo linamveka kuti thyo!

"Mfiti inu! Mwachita dala!" anakuwa Dobrin, akugubuduka pansi.

A Velichka anangoima pakhomopo, ndowa ili m'manja.

"Paja munati makilomita handiredi? Masitepe atatu okha akukanikani. Mukachira, makwerero okakonzera denga ali kuseriko."