Nsapato za Ezelina

Pa kilomita yachisanu ndi chimodzi, Ezelina anakhala pansi m'mbali mwa msewu ku Chipata n'kuvula nsapato. Matuza anali ataphulika, masokosi atafiila ndi magazi. Mpikisano wa makilomita khumi unatha iye ali pomwepo.

Nsapatozo zinali mphatso ya azimai a mumpingo wa kwawo ku Ndake. Kwathu chovala chatsopano timasungila tsiku lalikulu, choncho zinagona m'katoni miyezi itatu, mwiniwake akuthamanga chosavala. Amene anamulangiza kuzisunga anali mphunzitsi wake wa zothamanga yemwe, a Wilbroad Lungu, okonza njinga, amene paunyamata wawo ankathamangila sukulu.

Atabwelela kumudzi, bambo ake a mtsikanayo, a Julio, sanakweze mawu.

"A Lungu, ndinakupatsani mwana woyenda, mwandibwezela wotsimphina. Zothamanga zatha. Thonje likumudikila."

"Wolakwa ndine, bambo, si mwanayu. Ndipatseni chaka chimodzi. Akalephelanso, pakhomo pano simudzandionanso."

A Julio anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali, kenako anavomela ndi mutu.

Mapazi atapola, a Lungu analamula kuti nsapato zija zizivalidwa paliponse: kumjigo, kumunda, kuchigayo. Azimai a mumpingo sanakondwe.

"Mphatso yathu mwaisandutsa yopalila thonje?"

"Amai, ng'ombe saiphunzitsa goli tsiku lolima."

M'mawa uliwonse asanapite kumunda, Ezelina ankathamanga, a Lungu akupalasa njinga pambali pake n'kumamufunsa mafunso. "Ukalephela kundiyankha, ndiye kuti wafulumila. Bweza liwilo." Lachiwili ndi Lachisanu ankakwela chitunda kasanu ndi katatu. Lamulungu kunali kupuma, ngakhale iye atakana. Mvula inabwela, msewu unasanduka matope, njinga inathyoka foloko. A Lungu anaiwotchelela, ntchito inapitilila.

Chaka chitakwana anabwelela ku Chipata. Nsapato zinali zitasuluka, chingwe chimodzi chili cha mtundu wina.

"Izo mwazifukula kuti, asisi?" anaseka mtsikana wina pamzele woyambila.

Ezelina ananyamuka mofatsa, anzake asanu ndi anayi ali patsogolo. Atafika pamalo pamene anakhala pansi paja, sanayang'anepo n'komwe. Anayamba kuwapitilila mmodzimmodzi, ndipo woseka uja anamusiya pachitunda chomaliza. Anadula chingwe cha pomalizila ali yekha, wachiwili asanaoneke n'komwe pakona.

A Julio anali atabwela pa basi osauza munthu. Anagwada, namuvula nsapato mwana wawo, nayang'ana mapazi onse awili. Panalibe chilonda. Anadzuka n'kusansa fumbi m'mawondo.

"A Lungu, Lolemba mufika nthawi yanji?"

Inu amene mwakhala pansi m'mbali mwa msewu wanu, funsani chimene chinalakwika, muchikonze, mudzukenso m'mawa. Kugwa kamodzi si kutha kwa mpikisano. Mtima wokhawo musautaye.