Manja omanga pa msonkhano wa mitengo

Kulemba ndimatha. Ndinaphunzira kothawa nkhondo ku Dedza, koma kuno ku Lifidzi sindinauzepo munthu, chifukwa wodziwa kulemba amamupatsa cholembera, ndipo wopatsidwa cholembera sachedwa kutaya munda.

Chaka chathachi, titangokumba kachewere woyamba, sekeretariyo, mlembi wa mudzi wathu, anayenda khomo ndi khomo kulengeza kuti kukubwera alendo a kutsidya kwa nyanja. Anati kwawoko mafakitale ndi magalimoto adetsa mpweya, ndiye akufuna minda ya kudambo kuti adzalemo mitengo ya bulugamu yoti iziyeretsa mpweyawo. Ndinamufunsa ngati kwawoko kulibe dothi. Anati liliko koma ndi lodula. Ndinangoti ndamva. Munda wanga wa kachewere uli kudambo komweko, ndipo ndi umene umadyetsa adzukulu anayi amene ndikusunga.

Anawonjezera kuti palibe wokakamizidwa, pakuti malamulo a maiko onse amati mwini munda ayambe wafunsidwa, ndipo ali ndi ufulu wokana. Anati kukakhalanso buledi ndi refuresiko wa m'botolo. Apa ndi pamene khutu linaima. Munthu wofuna kumva kukana kwako sabwera ndi buledi.

Misonkhano yotere ndaiona. Pamayenda lista ya maina, amati ndi ya amene abwera, aliyense adinde chala kuti alandire botolo lake. Pakapita miyezi umangomva kuti mudzi wonse unavomera. Choncho m'mawa wa tsikulo ndinang'amba kapulana, chitenje changa chakale, n'kumanga manja onse awiri, zala zonse mkati, ngati mitu ya kabichi. Wondifunsa ndinkamuuza kuti ndapsa ndi madzi a nyemba. Mwana wanga wamkazi anafuna kuona balalo. Ndinamukaniza, pakuti amagona nyumba imodzi ndi womasulira wa alendowo.

Womasulirayo ndi mkamwini wanga. Chikwatirire mwana wanga, ine ndi iye sitiyang'anana kumaso, monga mwa mwambo, ndipo tikakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire. Tsono tsikulo anaimirira pabwalo la sukulu, pambali pa mayi wachizungu wa chipewa chachikulu, akumasulira maso ali pa mbendera kuopa kuti angagwere pa ine.

Mayiyo analankhula nthawi yaitali za chilungamo pakati pa maiko olemera ndi maiko osauka. Atamaliza anthu anawomba m'manja, monga tichitira ndi mlendo aliyense, ngakhale wodzagula mbuzi. Iye anajambula manjawo ndi foni, n'kulemba m'kabuku akumwetulira. Ulemu wathu anauyesa chivomerezo.

Lista inayamba kuyenda. Ndinaiyang'ana ndi maso a mbuli. Mizere ya maina inalipo, koma pamwamba, pamene pamayenera kulembedwa chimene tikudindira, panali poyera. Sekeretariyo atafika pa ine anayang'ana nsanza zanga, n'kufunsa ngati chala cha kuphazi nacho chinapsa. Ndinati chili ndi matekenya. Botolo linandidutsa.

Mayi uja anaona kuti pali gogo mmodzi amene sanawombe m'manja, sanadinde, sakumwa. Anabwera kudzanjuta pafupi nane, mkamwini akumutsatira chammbali ngati nkhanu. Anafunsa ngati ndili ndi dandaulo. Ndinati munda wanga sindipereka, utsi wawo akaupezere malo kwawo, ndipo ndinanena ndi zina zambiri zokhudza anthu osuta fodya m'nyumba mwawo n'kumakatsokomolera kwa aneba. Mkamwini anatulutsa timawu tochepa ngati munthu wodzapala moto. Mayiyo anagwedeza mutu mokondwa.

"Akamwini," ndinatero nditayang'ana khoma la sukulu, "mwanena zonse kodi, kapena zina mwasungira ana?"

"Amayi, zinazo n'zolemera pakamwa."

"Zisenzeni. Mukasiyako ngakhale chimodzi, kachewere wa chaka chino mukadyera kwanu."

Anamasuliranso, ulendo uno motalika, thukuta lili kamukamu. Nkhope ya mayiyo inafiira. Koma ndimuyamikeko pang'ono, sananyanyale. Anati kukana ndi ufulu wanga, n'kutulutsa pepala lina la anthu okana, loti ndidindepo chala kutsimikiza kuti ndakanadi. Povomera chala, pokana chala. Ndinafunsa kuti mapepala awiriwa akakasakanikirana m'chikwama pa ulendo wautali wonsewo, ndani akadziwe kuti chala changa chinkakana.

Ndinati ngati pakufunika chala, chikhale chake. Alembe yekha kuti munda wanga saukhudza, mkamwini alembe m'munsi mwake m'Chinyanja, iye adinde, ndipo pepalalo litsale kwa ine. Anthu anaseka. Sekeretariyo anati ndikuchititsa manyazi mudzi pamaso pa alendo. Koma mayiyo analemba, mkamwini n'kulemba m'munsi, kenako mayiyo anaviika chala chake mu inki yodindira. Anadinda mokhota, pakuti anali asanadindepo chibadwire, mpaka sekeretariyo anachita kumugwira dzanja monga amachitira ndi ife. Pepalalo ndinalilandira ndi zigongono, n'kuwerama ngati ndikupemphera, uku ndikuliwerenga mobisa. Mkamwini anali atalemba zoona. Mpaka lero sindidziwa chimene mkamwiniyo ankafuna pochita zimenezo.

Minda yambiri ya kudambo inapita. Wanga ulipo, mitengo ya bulugamu yauzinga mbali zitatu. Yangofika m'chiuno, koma bulugamu ndimamudziwa, akakula amamwa dambo lonse, ndipo mizu yake sinadinde pepala la wina aliyense. Ndiye ndakumba ngalande m'malire, yakuya mpaka m'bondo, ndipo m'mawa uliwonse ndimaiyendera nkhwangwa ili paphewa.