Mkamwana Wanga ndi Thumba la Mkodzo

Atandichita opaleshoni ya pulositeti, ananditulutsa m'chipatala ndili ndi kapaipi ka mkodzo ndi thumba lake lomangirira pamwendo. Dokotala anati ndikhale nazo masabata awiri, ndisanyamule ngakhale ndowa. Kwanga ku Mchengautuwa ndimakhala ndekha chimwalirireni mayi a kunyumba, choncho mwana wanga wamwamuna ananditengera kwake ku Katoto, konkuno ku Mzuzu. Ndinakana kawiri, kachitatu anangonyamula chikwama changa.

Ine kwathu ndi ku Chiradzulu. Ku Mzuzu ndinabwera kudzaphunzitsa, ndipo uphunzitsi unandisiyira mtima wapachala ndi kusafuna kugonja. Mwana wangayo anakwatira Mtumbuka, mkazi woleredwa mwamwambo. Kuno mkazi wa mwana wako amati mkamwana, ndipo mkamwana salowa kuchipinda kwa apongozi ake aamuna. Wangayu ankagwada pakhomo n'kukankhira tiyi mkati. "Mwawuka uli, adada?" ankandilonjera choncho m'mawa m'Chitumbuka. Chikwatiwireni anali asanandigwirepo ngakhale dzanja. Ndinkamuseka kuti mawondo adzatha asanakalambe, koma pansi pa mtima ulemuwo ndinkaukonda kwabasi.

Thumba ankanditayira mwana wanga m'mawa asanapite kuntchito, ndiponso akaweruka. Masana ndinkadzikoka ndekha kupita kuchimbudzi, nditavala chijasi kuti thumbalo lisaoneke.

Tsiku lachisanu, kunja kukuwaza kamvula kosakata ka kuno ku Mzuzu, tulo tinandiba masana. Podzuka thumba linali litadzaza. Ndinaimirira mothamanga, chizungulire chinandigwira, ndinagwa pakati pa bedi ndi khoma. Kotsekera kunsi kwa thumba kanatseguka. Mkodzo wosakanikirana ndi magazi unanyowetsa thalauza yonse n'kuyenderera pasimenti mpaka pakhomo. Ndinayesa kudzuka, bala la pamimba linakana.

"Adada? Muli makora?" anafunsa mkamwana ali kunja.

"Ndili bwino. Pitani."

Koma anali ataona zimene zinkatulukira kunsi kwa chitseko. Chitseko chinatseguka.

"Tulukani!" ndinakuwa ngati ndili m'kalasi. "Kwanu ndi zimene anakuphunzitsani, kulowa kuchipinda kwa apongozi? Mulibe mwambo!"

"Phepani chomene, adada," anatero, koma sanatuluke.

Anamasula chitenje chapamwamba n'kundifunditsa, nkhope atalozetsa kukhoma. Anandigwira m'khwapa n'kundikweza pabedi. Anaona ngati kapaipi sikanasololoke, anatseka thumba, anakolopa. Anaika thalauza ina pampando n'kutuluka. Patapita kanthawi, dzanja lokha linalowa kudzatenga yonyowa ija. Ndinalira tsiku limenelo, kulira komwe sindinalire ngakhale pamaliro a mkazi wanga.

Mwamuna wake ataweruka, mkamwana sanamuuze zomwe zinachitika. Inenso ayi. Koma kuyambira pamenepo ndinalephera kumuyang'ana. Akagwada ndi tiyi, ndinkatembenukira kukhoma. Akapereka moni, ndinkayankhira kummero. Chakudya chake ndinkangochigwiragwira n'kubweza. Sikuti ndinamuda, ayi ndithu. Kungoti ndikamva mawu ake ndinkadziona ndili pansi paja, manyazi n'kundigwira.

Atangondichotsa kapaipi kuchipatala, ndinati ndikubwerera kwanga. Mwana wanga anadabwa, poti tinapangana kuti ndikhala mwezi wathunthu.

"Bambo, chavuta n'chiyani? Wakulakwirani ndani pano?"

"Palibe. Ndasowa kwanga basi."

Koma iye si mwana, mbale zobwerera zodzaza ankaziona. Ndikulongedza zovala, ndinamumva kukhitchini akulankhula ndi mkazi wake.

"Bambo anga akuchoka ndi bala laliwisi chifukwa cha iwe. Unawatani? Masabata awiri okha wakanika kuwasamala?"

Ndinaima ndi malaya m'manja, kudikira kuti mkamwana aulule. Akanaulula, ndikanamukwiyira masiku awiri, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma sanaulule. Ndinangomva madzi akutsika pampopi.

Kukhitchini kunali pafupi, kungotuluka n'kukhota. Mawu ofunika anali ochepa: mkazi ameneyu ananditola pansi, ine n'kumutukwana. Koma kuti ndiwanene, ndinayenera kunenanso pamene ananditola ndi mmene ndinalili. Ndinapinda malaya aja n'kuika m'chikwama. Tikukwera galimoto, mkamwana anagwada pakhonde, maso atatupa. "Mwende makora, adada." Ine ndinangoti, "Yewo."

Papita chaka tsopano. Ndinachira, ndimakodza ngati mnyamata, kutchalitchi ndimapita wapansi. Anzanga amati ndinachita mwayi, ine ndimangovomera. Chimene chimandiwawa n'chakuti mwana wanga akabwera kudzandiona amabwera yekha. Nthawi iliyonse ndimakonzeka kuti lero ndimuuza, mpaka mawu ake ndimawayeseza ndikusesa. Tikakhala pansi ndimayambira patali, kufunsa kuti mkamwana ali bwanji.

"Musiyeni ameneyo, bambo. Ndinamudziwa bwino nthawi ija munkadwala."

Ndimatsegula pakamwa, n'kudzimva ndikufunsa kuti, "Nanga ana, kusukulu zikuyenda?"