Dzino Langa Losapolisha

Pa zinthu zimene ndinasiyira panjira, zikuluzikulu ndi ziwiri: koleji ndi dzino. Za koleji anthu anafunsa mpaka kutopa. Za dzino palibe amene anazitsata.

Dzinolo ndi lakutsogolo, lam'mwamba. Linabenthuka ndikutafuna chimanga chokazinga pa boda, pomwe ndili ndi kakiyosiki kotchajira mafoni a madalaivala a mathiraki. Ndinapita ku kachipatala kena ka mano, ndipo adokotala ake, mayi wodekha wa magalasi, anandimata ndi phala loyera lija amaumitsa ndi kanyali kabuluu. Atangoti ayambe kusalaza, magetsi anazima.

"Achimwene, kumata tamata, kwatsala kupolisha," anatero mayiwo. "Likakhala lokhakhala chonchi tiyi amakakamira, zakudya zimabisala m'mphepete, ndiye silichedwa kuda n'kuyamba kugumuka. Mubwerenso. Ndikudikirani."

Mawu omalizawo ndinawanyamula mpaka kunyumba. Pa boda palibe amadikira munthu, aliyense amadikira mapepala ake. Dalaivala amakusiyira foni, mucheza ngati pachibale, akuuza za mkazi wake ndi za matayala, mawa lake ali ku Chipata osatsanzika. Kwathu ku Kamwendo anasiya kundidikira chibwerereni ku koleji ndi chikwama chokha.

Ndiye ine, monga munthu wophunzira theka, ndinaiganizira nkhaniyi mozama. Ndikapita andipolisha, kundidikirako kutha. Ndikapanda kupita, m'boma lonse la Mchinji mukhala muli munthu mmodzi amene akuti mnyamata uja abwera liti. Ndinasankha kusapita.

Dzino nalo linayamba kuchita zonse zimene linanenedwa, mwadongosolo ngati mwana womvera. Poyamba linasiya kuwala. Kenaka linatenga mtundu wa tiyi wamkaka, mvula isanathe linafika pa tiyi wopanda mkaka, ndipo pomwe phala limakumana ndi dzino lenileni panadutsa kamzere kakuda. Lilime linkapita pomwepo tsiku lonse kukayendera. Makasitomala akasowa, tinkakhala atatu m'kakiyosiki: ine, lilime ndi dzino.

Mayi wogulitsa tiyi pafupi nane ndi amene analiona koyamba.

"Alamu, dzino lanulo likumwa tiyi kuposa eni ake. Ndizilipiritsa palokha?"

"Lili ndi adokotala ake, alamu. Akulidikira."

"Akulidikira kuti limwalire?"

Kuyambira pamenepo nthabwala zanga ndinkazinena milomo ili pafupifupi yotseka. Madalaivala ankaseka kwambiri kuposa kale, ati nkhope yanga ndi ya mkulu wa mpingo pa maliro.

M'nyengo yozizira kachidutswa kanagumuka m'mphepete muja. Madzi a m'mawa akangofika pamenepo, ndinkaimirira ngati akuimba nyimbo ya fuko. Ndinapirira ndithu, koma dzino lakutsogolo ndi limodzi mwa zinthu zochepa zimene ndili nazo. Ndinachapa malaya, ndinameta, n'kukwera minibasi.

Ndinawapeza mayi omwe aja, magalasi omwewo. Ndinawapatsa moni wa munthu wobwera kuchokera kutali. Anayankha bwino, n'kundiuza kuti ndiyasamule.

"Anakumatani ndani ameneyu, osapolisha?"

"Inu nomwe, adokotala. Magetsi anazima. Munati mundidikira."

"Ine? Kaya. Timatero kwa aliyense. Yasamulani kwambiri."

Anapala pakuda paja, anamatanso pogumukapo, kenaka anadutsitsa timagudumu tating'ono, kokhakhala poyamba, kosalala pomaliza. Magetsi sanazime ngakhale ndinapemphera kuti azime. Atandipatsa galasi, sindinathe kuona pomwe phala likuthera ndi pomwe dzino likuyambira. Lilime linapita kukayendera, linangoterereka.

"Lokhalitsa limeneli, mukamatsuka bwino," anatero akuvula magulovesi. "Basi, tathana."

"Mano enawa mwawaona bwinobwino? Palibe lina lofuna kubwerera nalo?"

Anasuzumiranso ndi kagalasi kawo, uku ndi uku, mosafulumira.

"Onse ndi abwino, achimwene. Muli ndi mwayi."

Ndinathokoza monga ayenera kuchitira munthu wamwayi. Ndisanamalize kumanga batani la kukhosi, iwo anali atasuzumira kale pakhomo kuitana wotsatira.