Munanditcha mwana wa achimwene anu

Amayi Nabanda, lero chakwana chaka chitisiyireni. Eni nyumba akuti Loweruka tituluke m'chipinda chanu chija, ine ndi mwana wanga Tadala.

Ndakumbuka m'mawa uja aboma atatigumulira kanyumba kathu. Munandipeza pa Mbare Musika, msika waukulu wa muno mu Harare, nditakhala pa masaka a mbatata, khanda lili pachifuwa. Simunkandidziwa. Munangomva ndikulitonthoza m'Chichewa, basi munati, "Nyamuka iwe, tiye kwathu ku Mufakose." Pageti eni nyumba anafunsa kuti ndine ndani. Inu osaphethira n'komwe: "Mwana wa achimwene anga uyu. Mphunoyi simukuiona?" Mphuno zathu zosafanana olo pang'ono! Anaseka, natsegula.

Amayi, ndikuopa. Tadala akutsokomola, kunja kukuzizira. Mu Harare monse muno palibenso wina woti angandinamizire ubale.