Zigamba za Anamatumba

Pa fakitale yosoka mayunifolomu imene inali kuseri kwa malo oimikapo malole, munthu ankadziwika ndi chimene amasoka. Kunali Amakolala, kunali Amabatani, kunalinso bambo wina wamtali amene anthu ankangomuitana kuti Zipi. Mayi wa pamakina achinayi kuchokera pazenera anali Anamatumba, chifukwa kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ntchito yawo inali imodzimodzi: kusokerera matumba pa mathalauza ndi malaya. Thalauza linkawapeza lisanaikidwe m'chiuno, n'kuwachoka lisanapindidwe kumiyendo. Zaka zonsezo sanaonepo chovala chikuthera m'manja mwawo.

Ankadzuka kusanayere, kuteleka madzi osamba, kusesa, kulongedza chakudya cha masana m'makontena atatu, kenako kuthamangira minibasi. Ntchito inkayamba seveni koloko. Papepala inkatha faifi, koma oda yaikulu ikabwera ankatuluka dzuwa litalowa, ndipo Loweruka limene ankati ndi theka la tsiku linkatha anthu atadya kale kwawo. Pofika kunyumba msana unkakhala ngati aubwereka kwa munthu wina. Amuna awo, owotcherera zitsulo pakashedi kena pafupi ndi msika, ankabweranso atafooka, maso ali psuu. Mwana anali mmodzi, wamkazi, wa ku sekondale. Atatuwa ankakondana, koma macheza awo ambiri anali a "mwadya?" ndi "mutseke chitseko."

Lachisanu lililonse masana alonda ankakhuthulira zigamba za sabata yonse m'dzenje la kuseri kwa mpanda n'kuzitentha. Nsalu zambiri zinali za nayiloni, ndiye utsi wake unali wakuda, wonunkha ngati tayala. Tsiku lina mphepo inatembenuka n'kuukankhira pashedi pamene antchito ankadyera.

"Koma anthu awa atipha," anatero Amakolala, mnzawo wa pamakina oyandikana nawo, akukupiza utsi ndi chivundikiro cha kontena. "Tikudya chakudya kapena tikudya yunifolomu ya alonda?"

Anthu anaseka uku akutsokomola. Mphepo yomweyo inaulutsa kachigamba kabuluu kamene moto unali usanakafike, n'kukagwetsa pafupi ndi phazi la Anamatumba. Anakatola. Inali nsalu yabwinobwino, yokula ngati zikhatho ziwiri, yosathimbirira paliponse. Anaitembenuza kangapo, kenako anaipinda n'kuiika m'chikwama.

Lolemba anapita kwa akapitawo.

"Akapitawo, zigamba zimene zimatenthedwa zija, munthu atatengako pali mlandu?"

"Mukufuna mukatani nazo?"

"Sindinadziwebe."

Akapitawo anaseka, koma anawalembera kapepala koonetsa pageti. Madzulo amenewo Anamatumba anakwera minibasi atapakata saka lodzaza, kondakitala akudandaula kuti katunduyo ndi munthu wathunthu.

Lamlungu masana, atatha kuchapa, anakhala pakhonde ndi sizasi. Anadula zigamba zija timizere, n'kumaziluka zitatuzitatu, kenako n'kuzisokerera ndi manja pa saka lakale. Panalibe wowawerengera, panalibe wowaimirira kumbuyo. Akafuna buluu ankatenga buluu, akatopa naye ankatenga khaki. Patatha Malamlungu atatu chopondera cha pakhomo chinatha, ndipo anachiyala pansi n'kuima kuchiyang'ana nthawi yaitali. Chinali chopotoka pang'ono mbali imodzi. Koma chinali chinthu choyamba chimene anachiyamba okha n'kuchimaliza okha.

"Nanga ichi tizipondapo kapena tizichilumpha?" anafunsa amuna awo ataima pakhomo ndi nsapato za kuntchito.

"Mukapondapo ndi zimenezo mugona kushedi kwanu."

Kenako anasoka chikwama chogulira zinthu. Kuyambira pamenepo anasiya kulandira majumbo kumsika, omwe ankangodzaza kuseri kwa chitseko cha kukhitchini ndi kutseka ngalande mvula ikagwa. Wogulitsa tomato akatambasula jumbo, iwo ankatsegula chikwama chawo monyadira ndithu. Miyezi imeneyo ankagona bwino, ndipo Lachisanu akaona utsi ankadziuza kuti saka limodzi lapulumuka.

Koma Anamatumba anali ndi matenda amodzi chibadwire: pakamwa pawo sipankatuluka mawu akuti ayi. Aneba anaona chikwama, anafuna chawo. Alamu awo anafuna ziwiri ndi chopondera, n'kuwabwereka makina akale opukusa ndi dzanja kuti ntchito izifulumira. Aphunzitsi ena anatumiza uthenga kudzera mwa mwana. Pamapeto pake panabwera mayi wina wa sitolo ya zokongoletsera m'nyumba, wonunkhira bwino, wolankhula mokoma. Anati makasitomala ake amakonda zinthu zosawononga chilengedwe, ndipo pa chikwama chilichonse azimangapo kapepala kofotokoza kuti nsaluyo inapulumutsidwa kumoto. Ankafuna makumi atatu mwezi usanathe.

"Ndiyesetsa," anatero Anamatumba, mtima ukukana.

Saka limodzi linasanduka masaka anayi. Pabalaza panatsala kanjira kokha kochokera pakhomo kupita kukhitchini. Mpando wabwino unakwiririka ndi zikwama zosamalizidwa, ndipo timaulusi tinkapezeka paliponse, m'shuga, m'bafa, ngakhale pa buledi. Akaweruka ankangovula nsapato n'kukhala pamakina. Lamlungu ankachapa mothamanga kuti apeze nthawi yosoka. Zala ziwiri za dzanja lamanja zinayamba kuchita dzanzi, ndipo kufakitale anasokerera kawiri thumba chadodolido, chinthu chimene chinali chisanawachitikirepo.

"Anzathu, mukudwala?" anafunsa Amakolala akuwathandiza kuphwasula.

"Kutopa chabe."

"Kutopa tonse tili nako. Kwanuku kwabwera ndi abale ake."

Lachinayi lina m'nyengo ya mvula kunagwa chimvula kuyambira masana. Kufakitale kunali ovataimu, mafoni atatsekeredwa m'malokala monga mwa lamulo. Amuna awo anali atapita kutali kukaika geti panyumba ya munthu. Anamatumba anafika kunyumba kukuyamba mdima n'kupeza mwana wawo atakhala pakona ya khonde, atadzipinda, mabuku atawabisa m'juzi. Mphepo inali itamuwombetsa mvula mpaka siketi kumamatira miyendo. Chitseko chinali chokhoma, kwa aneba kulinso kokhoma.

"Iwe, wakhala pano kuyambira nthawi yanji?"

"Chiwerukireni."

"Kiyi ali kuti?"

"Wagwa."

"Wagwa bwanji? Msinkhu wonsewu sungasunge kiyi?"

Mtsikanayo anaimirira, anapisa dzanja m'thumba la siketi n'kulitembenuza. Zala zitatu zinatulukira pachibowo.

"Ndinakuuzani sabata zitatu zapitazo, amayi. Munati ndiiike pampando. Ndinaiika, inu munaunjikapo zikwama. Lolemba ndinaifukula n'kuvala."

"Nanga osasoka wekha bwanji?"

"Munati ndisamakhudze singano zanu, ndimakusokonezerani."

Analankhula mosakweza mawu, osalira, mano okha akugundana ndi kuzizira. Bwenzi zili bwino akanalira. Anamatumba anatsegula chitseko, anamutenthetsera madzi, n'kuyala makope ake pamwamba pa masaka kuti aume. Awiri anali atanyowa mpaka inki kusungunuka, manotsi a teremu yonse osawerengeka. Kenako anatenga siketi ija. Anaisoka madzi a tiyi asanawire, pakuti dzanja linkadziwa lokha njira. Atamaliza anakhalabe nayo pamiyendo, osadziwa kuti ayang'ane kuti.

M'mawa mwake, mwana atapita kusukulu atamwa mankhwala a chimfine, amuna awo anachedwa dala kumanga nsapato.

"Amayi ake, ndilankhuleko?"

"Ndikudziwa kale zimene munene."

"Ndinenebe. Izi munaziyamba kuti muzipumirapo. Ndinkakuonani pakhondepo mukuimba, ine n'kumati mkazi wanga wabwerera. Pano mukuweruka kuntchito n'kulowa ntchito ina, yopanda ndi nthawi yowerukira yomwe."

"Ndiye zigamba zizingopsa? Utsi uja inu simuupuma."

"Fakitale yonse ija muimaliza nokha ndi zala khumi? Ziwiri zafa kale."

Anamatumba anawakwiyira amuna awo tsiku lonse, makamaka chifukwa ankanena zoona.

Loweruka ataweruka analongedza zikwama khumi ndi chimodzi zimene zinali zitatha, n'kukwera minibasi yopita kusitolo kuja. Njira yonse ankayeserera mawu chamumtima. Mayi wa sitolo anawalandira ndi manja awiri, anaziyala zikwamazo pakauntala, kenako anakweza maso.

"Zinazo zibwera liti?"

"Sizibwera, mayi. Sinditha."

"Aa, musatero. Ndawalonjeza kale anthu. Ndikuwonjezereni sabata?"

"Sinditha."

"Koma mukudziwa kuti ntchito mukugwirayi ndi yaikulu? Dziko likufunika anthu ngati inu. Ganizirani ana athu, adzapuma mpweya wotani?"

Apa Anamatumba anatsala pang'ono kugonja, chifukwa mayiyo sankanama. Anagwira m'mphepete mwa kauntala.

"Wanga ndi mmodzi, ndipo ali ndi chimfine. Pepani kwambiri, sinditha."

Nkhope ya mayi uja inazizira. Anapinda zikwamazo, ndipo potsanzikana anayankha akuyang'ana foni. Anamatumba anatuluka n'kukakhala pabenchi ya pasiteji. Minibasi ziwiri zakwawo zinaima n'kunyamuka iwo ali chikhalire. Sanamve kupepukidwa kumene ankayembekezera. Anangomva manyazi, ndi njala.

Sabata yotsatira anabweza masaka atatu kufakitale, mlonda wa pageti akudabwa kuti zinyalala zayamba kubwerera zokha. Nthawi ya chakudya anakhuthula limodzi pashedi n'kuonetsa aliyense wofuna mmene amadulira timizere ndi mmene amalukira. Ambiri anangoyang'ana n'kupitiriza kudya. Amakolala, Amabatani ndi amayi ena awiri a kumasimbi, kositira zovala, anaphunzira, ndipo Zipi anatenga zigamba zazikulu zoti akasokere zotchingira mipando ya galimoto ya mchimwene wake. Akapitawo ankalemba timapepala ta pageti akung'ung'udza kuti sanalembedwe ntchito ya ukalaliki wa zinyalala.

Chovuta chinatsala chimodzi. Pamene ndandanda ya ovataimu inkazungulira, Anamatumba anaibweza osasaina.

"Loweruka lino ndi lotsatira ndituluka nthawi yake, akapitawo."

"Inuyo? Zaka zonsezi simunakanepo."

"N'chifukwa chake."

Akapitawo sanakalipe. Koma patangopita masiku ochepa anawasamutsa pazenera paja n'kuwaika pamakina a pafupi ndi chitseko, olimba chopondera, pamene fumbi la malole linkalowera. Mtsikana wina watsopano ndiye anakhala pamalo pawo. Zinawapweteka, ndipo mwendo unkatupa pofika madzulo. Kunyumba nakonso, ndalama za ovataimu zitachepa, nyama inayamba kuoneka mwa apo ndi apo. Utsi wa Lachisanu sunathe. Tizidutswa ting'onoting'ono tosagwira ntchito tinkapsabe, ndipo masabata a oda yaikulu dzenje linkadzaza ngati kale. Kungoti masiku ena moto unkazima anthu asanamalize kudya.

Kukhala osachita kanthu kunawavuta kuposa mmene ankaganizira. Lamlungu loyamba anachapa makatani amene anali oyera kale. Lamlungu lachiwiri anakhala pakhonde mphindi zochepa, kenako anapezeka akukwecha mapoto. Aneba atabwera kudzafunsa za chopondera cha mng'ono wawo, anawauza kuti chidzatha tsiku limene chidzathe, ndipo aneba anachoka atatupa. Iwo anatsala akudziimba mlandu mpaka madzulo.

Lamlungu lachitatu mwana wawo anawapeza akuyang'anayang'ana chochita.

"Amayi, tsitsi lanulo lakhalitsa. Khalani pansi ndikumasuleni."

Anakhala pamkeka, msana atatsamira miyendo ya mwanayo, amene anakhala pampando ndi chipeso. Mtsikanayo anayamba kumasula kuchokera kukhosi, uku akusimba za anzake awiri a m'kalasi, wamtali ndi wamfupi, amene anasiya kulankhulana chifukwa cha buku la masamu. Nkhaniyo inali yaitali, yodzaza ndi anthu amene mayi ake anali asanawamvepo, ndipo anadabwa kuti mwana wawo amadziwa kutsanzira mawu a aphunzitsi mpaka kuseketsa chonchi.

"Imvi zachuluka kuno, amayi. Ndizule?"

"Zisiye. Ukazula zonse nditsala ndi chiyani? Pitiriza, ndiye wamfupiyo anati bwanji?"

Yankho lake sanalimve. Mutu unalemera n'kugwera pabondo la mwanayo, pakamwa pali yasa. Mtsikanayo anasiya kupesa n'kukhala osasuntha. Bambo ake atatulukira ndi wailesi m'manja kufuna kumvera mpira, mwanayo anawaloza ndi chipeso kuti abwerere, ndipo iwo anabwerera monyang'ama n'kukamvera kuseri kwa nyumba.

Anamatumba anadzuka mthunzi utafika kumpanda, khosi likupweteka, mwendo wa mwana utachita dzanzi. Tsitsi linali lomasulidwa mbali imodzi yokha, ndipo nthawi yophika inali itakwana. Anagwirizana kuti mbali inayo ndi nkhani ya buku la masamu adzamaliza akadzapeza mpata. Lolemba anapita kuntchito atamanga mpango kumutu.